Achimwene, za kogona ku Rhine nazi

Eee achimwene mwaswera bwanji, ndati ndingojambula voisi chifukwa kulemba zonsezi chala chingatope. Ndamva kuti visa yatuluka, ndakondwa kwambiri, ndiye mvetserani bwino nkhani ya kogonayi musanalipire kalikonse.

Chigawo chomwe mukufunacho ndi cha mtsinje wa Rhine kuno ku Germany, pakati pa Bingen ndi Koblenz, makilomita pafupifupi 65 basi, koma m'mapiri a m'mbali mwa mtsinjewo muli nyumba zamalinga za mafumu akale pafupifupi 40, eni ake amati Burg, ndipo UNESCO inaika deralo pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2002. Galimoto mubwereke ku Frankfurt, ndipo chonde kumbukirani kuno timayendetsa kudzanja lamanja, osati kumanzere ngati kwathu.

Tsopano chachikulu ndi ichi, ndibwereza kawiri. Pakati pa Mainz ndi Koblenz palibe mlatho. Palibe mlatho achimwene. Mbali imodzi kuli msewu wa B9, tsidya linalo B42, kuwoloka kwake ndi pa feri, ngati pantoni uja, galimoto imakwera momwemo, ku Bingen kupita Rüdesheim, ku Kaub, ku St. Goar kupita St. Goarshausen, ku Boppard. Ndiye mukapeza hotela pa foni choyamba tsegulani mapu muone ili tsidya liti, chifukwa maferi ena usiku amaweruka, ine zinandichitikira, ndimaona magetsi a malo anga ogona patsidya apo pomwe koma ndinazungulira mpaka ku Koblenz mumdima ana atagona kumbuyo, mtima unandiwawa.

Zogona mu Burg momwemo, sakani mawu oti Burghotel kapena Schlosshotel. Pamwamba pa Oberwesel pali Schönburg, ku St. Goar kuli hotela pa Rheinfels pafupi ndi mabwinja aakulu a Burg imeneyo, ku Trechtingshausen kuli Reichenstein, zonsezi mbali ya B9, pomwe Liebenstein ili tsidya la B42 ku Kamp-Bornhofen. Zipinda zake n'zochepa ndiye zimatha msanga, bukitsani kudakali miyezi, ndipo mtengo muyang'ane pa webusaiti ya Booking komanso pa webusaiti ya hotelayo, musiyanitse. Ine maganizo anga, gonanimo usiku umodzi wokha, wokwanira, ndalama inayo isungeni. Usiku umodziwo simudzaiwala, m'mawa kutsegula zenera nkhungu ili pa mtsinje, sitima zamakatundu zikuyenda pang'onopang'ono pansi apo, minda ya mphesa yatsetsereka phiri lonse. Koma afunseni kaye za masitepe, nyumbazi n'zakalekale, zina chikepe mulibe, ndiye alamu ndi bondo lawo lija apemphereni chipinda chapansi, komanso funsani poimika galimoto chifukwa kamsewu kokwera n'kopapatiza.

Thumba likavuta kuli Burg Stahleck pamwamba pa Bacharach, imeneyo ndi hostelo, Jugendherberge, mabanja amagonamonso, kungoti pamafunika khadi la umembala wa mahostelo, mufunse pobukitsa.

Masiku enawo gonani m'magesitihausi. Mukaona chikwangwani cholembedwa Pension, Gästehaus kapena Zimmer frei, ndiye kuti chipinda chilipo, nthawi zambiri eni ake ndi banja, ena ndi alimi a mphesa omwe amapanga okha vinyo. Apa ndiye samalani, njanji yadutsa mbali zonse ziwiri za mtsinje ndipo sitima zapamtunda zamakatundu zimayenda usiku wonse, phokoso lake limamveka chigwa chonse. Musakomedwe ndi chithunzi cha zenera loyang'ana kumadzi, lembani imelo mupemphe chipinda chakumbuyo, kapena sankhani mudzi wapamwamba pa phiri. Tengani ma euro a m'manja chifukwa ena khadi salandira, ndipo muwauze nthawi yofikira, risepushoni yawo sikhala yotsegula mpaka usiku, kiyi amakusiyirani m'kabokosi.

Ngati mukubwera mu September dziwani kuti ku Oberwesel ndi ku St. Goar kumakhala Rhein in Flammen, zowombera m'mwamba zija, malo amadzaza onse. Lamlungu mashopu ambiri amatseka ndiye madzi ndi buledi mugule Loweruka. Thanthwe lotchuka la Loreley lili mbali ya St. Goarshausen, tsidya la B42, tsiku lokalionalo muwoloke m'mawa mubwerere kusanade. Nditumizireni madeti anu usiku uno ndiyambe kuimbira ku Bacharach mawa.