Malangizo kwa ofuna kukaona malo akale a Perisiya

Moni omvera athu nonse, amayi ndi abambo, kulikonse kumene mukutimvera. Lero tikambirana mmene munthu angakonzere ulendo wokaona mabwinja a mafumu akale a Perisiya, mizikiti ya mbiri yakale, zipululu ndi mapiri m'dziko limene masiku ano limatchedwa Iran. Ambiri a ife tinamva za dzikoli kutchalitchi, pa nkhani za mfumu Koresi, Dariyo ndi Ahaswero, ndipo malo amene mafumuwa ankakhala alipobe mpaka lero. Koma ulendo wa kumeneko umafunika kukonzedwa mokwanira munthu akadali kwawo, chifukwa zinthu zambiri zimene kwina mukhoza kuzikonza mutafika kale, ku Iran sizitheka.

Musanagule tikiti ya ndege, fufuzani za mtendere. Mu June 2025 dziko la Iran linamenyana ndi dziko la Israel kwa masiku 12, ndege zinaimitsidwa, ndipo maboma ambiri amachenjeza nzika zawo kuti zisapiteko. Werengani machenjezo atsopano, funsani ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena, ndipo ngati zinthu sizili bwino, dikirani. Inshuwaransi ya ulendo itchule dzina la Iran momveka, pakuti ambiri mwa makampani a inshuwaransi salipira zochitika m'dzikolo. Pasipoti imene ili ndi chidindo cha Israel siiloledwa. Abale athu amene muli ndi pasipoti ya Britain, United States kapena Canada, dziwani kuti simuloledwa kuyenda nokha, muyenera kukhala ndi woperekeza alendo wovomerezeka ulendo wonse.

Nkhani ya ndalama ndiyo imagwetsa alendo ambiri m'mavuto. Chifukwa cha ziletso za zachuma zimene mayiko ena anaikira dzikoli, makhadi a Visa ndi Mastercard sagwira ntchito kumeneko, choncho muyenera kunyamula ndalama za ulendo wonse m'manja, madola kapena mayuro osang'ambika, n'kumasintha pang'onopang'ono. Ndalama ya boma ndi rial, koma pamsika anthu amatchula mitengo mu toman, ndipo toman imodzi ndi marial 10. Pogula chinthu, pemphani wogulitsa kuti akulembereni mtengo papepala kapena pafoni, ndipo mumufunse kuti akuwerengera mu ndalama iti.

Amayi muyenera kufunda mpango kumutu ndi kuvala chovala chotalika, chosathina, cha manja aatali kuyambira pamene mukutsika ndege. Abambo musavale kabudula pagulu, ndiponso musayambe ndinu kupereka dzanja kwa mayi. Mowa ndi woletsedwa. Musajambule asilikali, apolisi, nyumba za boma kapena anthu ochita zionetsero, chifukwa alendo ena anamangidwapo pa zifukwa zotere.

Nyengo yabwino yoyendera ndi April ndi May, kapena kuyambira kumapeto kwa September mpaka November. Pewani masabata awiri a Nowruz, chikondwerero cha chaka chatsopano chimene chimayamba cha pa 21 March, pakuti eni dziko onse amakhala ali paulendo ndipo malo ogona amadzaza. Kumbukiraninso kuti tsiku lopuma kumeneko ndi Lachisanu, ndipo mizikiti ina salowetsa alendo pa nthawi ya mapemphero.

Njira imene ndikukulangizani ndi yoyambira kummwera, mumzinda wa Shiraz, n'kumakwera chakumpoto kudzera ku Yazd ndi Isfahan mpaka ku Tehran, kuti muone zinthu zakale kwambiri mutu ukadali wopepuka. Mabasi a pakati pa mizindayi ndi abwino, ndipo ulendo uliwonse umatenga maola angapo.

Persepolis, mabwinja a nyumba zachifumu amene eni ake amati Takht-e Jamshid, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Shiraz. Mfumu Darius Woyamba (Dariyo uja) anayamba kumanga malowa cha m'ma 518 Khristu asanabadwe, ndipo Alexander wa ku Macedonia anawatentha mu 330 Khristu asanabadwe. Makampani ambiri a zokopa alendo amakupatsani maola awiri okha kumeneko, koma ine ndikuti musavomere. Fikani m'mamawa chipata chikangotsegulidwa, mutenge madzi ndi chipewa, chifukwa mthunzi ndi wosowa ndipo miyala imatentha dzuwa likakwera. Mukakwera makwerero aakulu ndi kudutsa chipata cha mfumu Xerxes (Ahaswero uja) chimene chili ndi ng'ombe zazikulu zamwala, pitani msanga ku makwerero a kum'mawa a holo ya Apadana. Makwererowa anakwiririka ndi dothi kwa zaka zoposa 2,000 mpaka pamene anafukulidwa m'zaka za m'ma 1930, ndiye chifukwa chake zosema zake zikuonekabe bwino, mpaka ndevu zopotanapotana ndi zingwe za nsapato. Pakhomapo pali magulu 23 a nthumwi zochokera m'mayiko amene ufumuwo unkalamulira, ndipo mtsogoleri wa gulu lililonse wagwiridwa dzanja ndi nduna imene ikumulondolera kwa mfumu. Ena akukoka ngamira, ena akavalo, ena nkhosa zamphongo, ena anyamula nsalu ndi mbale. Yendani pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ndipo mudzapeza nthumwi za ku Africa, zochokera kummwera kwa Egypt, zitanyamula mnyanga wa njovu. Musakhudze zosemazo, ngakhale muone ena akutero.

Masana ake pitani ku Naqsh-e Rostam, pafupi pomwepo, kumene manda anayi a mafumu anasemedwa m'mwamba pathanthwe. Pasargadae, kumene kuli manda a Cyrus Wamkulu (Koresi uja), ali kutsogolo panjira ya ku Yazd, choncho mukhoza kuimapo tsiku lochoka. Mumzinda wa Shiraz momwemo, mzikiti wa Nasir al-Mulk uyenera kuonedwa m'mawa, pamene dzuwa likulowa pamagalasi amitundumitundu n'kugwera pamakapeti, pakuti mukachedwa mudzapeza chipinda wamba.

Ku Yazd mukagone m'dera lakale la nyumba za njerwa zosawotcha, ndipo mukayang'ane mmene anthu anaphunzirira kukhala m'chipululu. Pamwamba pa nyumba pali nsanja zotchedwa badgir, zimene zimakola mphepo ndi kuitsitsira m'zipinda kuti muzizizira popanda magetsi. Madzi amabwera kudzera mu qanat, ngalande za pansi pa nthaka zimene zimayambira patsinde pa mapiri n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kwa makilomita ambiri, popanda pampu iliyonse, zili ndi zitsime zotsatana zolowera okonza. Pemphani woperekeza wanu akutsitsireni pa makwerero ofika pamadziwo. Mumzindamo mulinso kachisi wa moto wa chipembedzo cha Zoroaster, ndipo popeza ndi malo opembedzera, lankhulani motsitsa mawu.

Isfahan mumupatse masiku atatu. Shah Abbas Woyamba anasamutsira likulu lake kumeneko mu 1598 ndipo anamanga bwalo la Naqsh-e Jahan, lotalika mamita oposa 500. M'mzikiti wa Sheikh Lotfollah, umene ulibe nsanja, imani pakhomo la chipinda chopemphereramo n'kuyang'ana kudenga, ndipo mudzaona kuwala kukupanga mchira wa pikoko pa matailosi. Madzulo pitani ku mlatho wa Khaju ndi wa Si-o-se-pol, koma musadabwe mukapeza mtsinje wa Zayandeh uli wouma, pakuti chilala ndi kupatutsa madzi kwauumitsa miyezi yambiri pachaka. Wogulitsa kapena woyendetsa takisi akakana ndalama zanu, umenewo ndi ulemu wa kumeneko wotchedwa taarof, ndipo muyenera kuumirira kawiri kapena katatu mpaka alandire.

Pa za chilengedwe, chipululu cha Lut chimafikidwa kuchokera ku Kerman kudzera ku Shahdad, ndipo muli zitunda zikuluzikulu za dothi zimene mphepo inasema. Mu 2005 makina a mumlengalenga anayeza kutentha kwa nthaka ya kumeneko kufika madigiri 70.7, choncho musapiteko m'chilimwe cha kumeneko, ndipo musalowemo opanda woyendetsa galimoto wodziwa njira. Pewaninso madera a kumalire ndi Afghanistan, Pakistan ndi Iraq. Kumpoto, m'mphepete mwa nyanja ya Caspian, kuli nkhalango zakale za Hyrcania zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2019, ndipo kumeneko mvula imagwa kawirikawiri, choncho tengani jekete. Phiri la Damavand, kumpoto chakum'mawa kwa Tehran, ndi lalitali mamita pafupifupi 5,600, kutanthauza kuti amene anakwerapo Sapitwa pa Mulanje akadali ndi mamita ena oposa 2,500 oti akwere. Limakweredwa pakati pa June ndi September, ndipo muyenera kugona usiku umodzi kapena uwiri pa msasa wa m'njira kuti thupi lizolowere kuchepa kwa mpweya. Mutu ukayamba kupweteka kwambiri kapena mukayamba kusanza, muuzeni woperekeza wanu nthawi yomweyo ndipo mutsike.