Kwa anzathu atsopano pantchito ya m'ndende: zoyenera kuchita selo ikadzaza

Moni nonse anzanga amene mwangoyamba kumene ntchito. Ndati ndikujambulireni mawu ano chifukwa tsiku tinakumana lija nthawi inatithera, ndipo funso limene munandifunsa sindinaliyankhe mokwanira. Munati, "Bwana, selo yoyenera anthu 50 muli anthu 150, ife tilipo awiri kapena atatu basi, ndewu tiiletsa bwanji?" Mvetserani modekha, pamene simunamve bwino mubwereze.

Poyamba, chotsani maganizo akuti akaidi amamenyana chifukwa choti onse ndi anthu oipa mtima. Ankhanza alipo, inde. Koma ndewu zambiri zimene ndaleretsa zaka zonsezi zinayambira pa tinthu tating'ono: malo ogona, bulangeti, mzere wa kuchimbudzi, kapu ya madzi, ngongole ya fodya kapena ya sopo. Anthu akathinana, kanthu kalikonse kamasanduka katundu wamtengo, ndipo amene akugawa tinthuto ndi amene akulamulira seloyo. Ndiye dzifunseni lero lomwe: m'selo imene ndikuyang'anira, amagawa malo ogona ndani? Amagwira chipande pogawa chakudya ndani? Ngati yankho lake ndi nyapala, mkaidi woikidwa kutsogolera anzake m'selo, ndipo inu simukhalapo, dziwani kuti yunifolomu mwavala ndinu koma mphamvu zili ndi wina.

Pamenepa ndikhalitsepo. Sindikunena kuti anyapala achoke. Anthu tikuchepa, ndipo iwo amatithandiza pa ukhondo, potidziwitsa za wodwala, poika anthu pamzere. Koma pali malire. Malamulo a Nelson Mandela, okhudza kasamalidwe ka akaidi, amene bungwe la United Nations linavomereza mu 2015, pa lamulo 40 akuti mkaidi asapatsidwe ntchito yolanga mkaidi mnzake. Nyapala asamenye munthu, asagamule chilango, asagulitse malo ogona. Malo muzigawa ndinu, mulembe m'buku, odwala ndi achikulire akhale pafupi ndi khomo kapena pawindo pamene pali mpweya. Pogawa chakudya muime pomwepo, maso pa chipande, kufikira womaliza atalandira. Ndipo musalole nyapala mmodzi akhazikike zaka pa selo imodzi, amamera mizu.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira zimenezi? Taganizani za mnyamata wobwera kumene, wowonda, wopanda m'bale womuyendera, alibe sopo, alibe bulangeti. Wina wamphamvu amamuitana, "Bwera ugone pano, idya ichi." Masiku awiri, atatu, kenako ngongole ija amaibweza ndi thupi lake. Tisachite manyazi kuzitchula, anzanga: kugwiririra kumachitika m'ndende, ndipo wogwiriridwa kawirikawiri sanena. Njala ndi kusowa pogona ndi zimene zimamufikitsa pamenepo. Mukagawa bwino chakudya ndi malo, mwatseka njira imeneyo musanagwire n'komwe ndodo.

Tsopano za wofika kumene. Usiku woyamba ndi woopsa kuposa ena onse. Musangomukankhira m'selo iliyonse imene khomo lake lili pafupi. Khalani naye pansi mphindi zochepa, mumufunse: muli ndi mdani muno? Amene munapalamula naye kapena amene munamuchitira umboni ali muno? Mumamwa mankhwala? Munayamba mwaganizapo zodzipha? Funso lomalizali mulifunse mwachindunji, kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo. Aonedwe ndi achipatala mwamsanga, ndipo ngati wabwera ndi mabala alembedwe tsiku lomwelo. Lamulo 11 likuti amayi akhale paokha, a rimandi asasakanizidwe ndi ogamulidwa, achichepere asakhale ndi akuluakulu. Ndikudziwa mudzati malo palibe. Ngakhale zitathina bwanji, mwana ndi wamkulu asagone selo imodzi. Bola akuluakulu athinane kwambiri kusiyana n'kuika mwana pakati pawo.

Chachiwiri chachikulu: yendani, ndipo muzilankhula nawo. Msilikali wongokhala pampando pageti amamva nkhani magazi atatuluka kale. Dziwani mayina awo. Mukadziwa mmene selo imakhalira tsiku labwinobwino, mudzazindikira msanga tsiku limene yasintha. Selo yaphokoso yangoti zii. Anthu akugona atavala nsapato. Wina wasiya kupita kosamba, kapena akungokhala pafupi ndi inu popanda chonena. Anthu angapo apempha kusamutsidwa tsiku limodzi. Chogwirira cha ndowa chasowa, supuni yasowa, waya wapawindo wathyoledwa. Zimenezo si zongochitika. Uzani wamkulu wanu, mukasake m'seloyo, koma posakapo musamwaze katundu wa anthu kapena kuvula munthu pamaso pa anzake. Manyazi amene mwamuchititsa masana amakawabwezera pa wofooka usiku.

Munthu akafuna kudandaula, chonde musamuitane ndi dzina pakhomo la selo kuti, "Iwe, bwera unene zija." Mwamupha. Pezani chifukwa china, mutulutse anthu anayi kapena asanu ngati opita kuchipatala kapena kukasesa, ndiye mulankhule naye payekha. Zimene wanena zisafike kwa nyapala. Ine ndili wachinyamata pantchito ndinalakwitsapo pamenepa. Mnyamata anandinong'oneza kuti akuopsezedwa, ine ndinapita molunjika kukadzudzula womuopsezayo, n'kuwatsekera selo imodzi usiku womwewo. M'mawa tinamunyamula mnyamata uja nsagwada itathyoka. Mpaka lero nkhope yake ndimaiona. Choncho asiyanitseni kaye, kufufuza kubwere pambuyo. Ndipo wosamutsidwa akhale wozunzayo. Mukatsekera wozunzidwa payekha kuti mukumuteteza, enawo amaona ngati wodandaula ndiye amalangidwa, ndipo palibenso adzakuuzeni kanthu.

Nanga ndewu ikabuka? Musalowe nokha, makamaka usiku, makiyi ali m'thumba. Imbani wezulo, itanani anzanu, yatsani tochi, muwaitane omenyanawo ndi mayina awo mokweza, ena onse muwauze akhale pansi. Kumva dzina lake kumamubweza munthu msanga kuposa kukuwa chabe. Mukakwana, mmodzi atsale pakhomo ndi makiyi, ena alowe. Mphamvu mugwiritse zokwanira kulekanitsa basi. Munthu akagonja, zathera pomwepo, kumenya wogona pansi ndi mlandu. Musamugoneke chafufumimba n'kumukhalira pamsana kapena pakhosi, anthu amafa choncho chifukwa chobanika. Ku Brazil, pa ndende ya Carandiru mumzinda wa São Paulo, mu 1992 mkangano wa akaidi unakula, apolisi analowa ndi mfuti, ndipo akaidi 111 anafa tsiku limodzi. Mphamvu zopanda malire zimathera kumeneko.

Ikatha ndewu, onse apite kuchipatala, ngakhale amene akuti ali bwino. Lembani lipoti musanaweruke: nthawi, mayina, amene anaona, mphamvu zimene munagwiritsa. Munthu akavulala kwambiri kapena kumwalira, nkhaniyo iyenera kufufuzidwa ndi akuluakulu a kunja kwa ndende, ndiye musakolope, musasunthe kanthu. Pa chilango, lamulo 43 likuletsa kukwapula, kumana chakudya kapena madzi, kutsekera mumdima, komanso kulanga selo yonse chifukwa cha anthu awiri. Kutsekera munthu payekha kusapitirire masiku 15 otsatizana. Mukatha zonsezo mufunse chimene chinayambitsa. Ngati inali ngongole ya fodya ndipo ngongoleyo ikadalipo, ndewuyo sinathe.

Pali china chimene chimapha anthu ambiri nthawi imodzi kuposa ndewu: moto. Ku Honduras, pa ndende ya Comayagua, mu 2012 anthu oposa 350 anafa, ambiri atatsekeredwa m'maselo, makiyi osapezeka msanga. Ku Tangerang, m'dziko la Indonesia, mu 2021 nyumba yoyenera anthu pafupifupi 40 munali 122, ndipo oposa 40 anafa ndi moto. Ndiye usiku uliwonse mudziwe kuti makiyi ali ndi ndani, apadera ali pati, ndipo mukatsegula anthuwo muwaimika pati. Mawaya olumikiza mwachinyengo muwachotse. Panjira ya kukhomo pasakhale zikwama kapena ndowa.

Masana, atulutseni. Malamulo akuti osachepera ola limodzi panja tsiku lililonse, koma pamene selo yadzaza chonchi, ola limodzi n'lochepa. Atulutseni m'magulu, achape, ayanike mabulangeti, asewere mpira, apemphere. Thupi lotopa ndi ntchito kapena masewera limagona usiku. Komanso muzitenga mayina a anthu a rimandi amene akhalitsa osapita kukhoti, odwalika ndi okalamba, n'kuwapereka kwa akuluakulu mwezi uliwonse kuti makhoti awaone. Munthu mmodzi akatuluka, atatu amapeza potambasula miyendo.

Amene muli pa shifiti ya mawa m'mawa, musalandire makiyi musanawerenge buku la usiku ndi kuwerenga anthu nokha ndi maso anu. Wofunda kumutu mumudzutse, muone nkhope yake, mumve mawu ake. Ndipo amene mukuweruka, musachoke musanamuuze mnzanuyo dzina la munthu amene mukumudera nkhawa. Ndikhala pa ofesi kuyambira 7 koloko, amene ali ndi funso andipeze.