Makalata a Omvera: Mayi a ku Rosettenville ndi Mbaula ya mu Juni

Mwaswera bwanji abale anga nonse a kuno ku Joni, a ku Diepsloot, a ku Alexandra, a ku Mayfair ndi inu amene mukumvera muli pantchito ya ulonda usiku uno. Makalata abwera ambiri, koma ndiwerenga atatu okha, chifukwa yoyambayi yandigwira mtima.

Yachokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, kwawo ndi ku Mulanje. Akuti: "Achimwene, ndagwira ntchito ya m'nyumba zaka ziwiri ndi theka, kuchapa, kusita ndi kulera ana awiri a abwana. Sabata yatha ndinapempha tsiku limodzi kuti ndipite ndi mwana wanga kuchipatala. Pobwera ndinapeza katundu wanga ali pageti. Malipiro a mwezi uno sanandipatse, ndipo akuti ndikadandaula andiitanira apolisi chifukwa mapepala anga anatha. Nditani ine?"

Mayi anga, pepani kwambiri. Manja amene analera ana a m'nyumbamo sanayenere kutolera zovala pageti ngati a mlendo wakuba. Tsono pukutani misozi mundimvetsetse. Kuno kuli bungwe lotchedwa CCMA, limene limaweruza milandu ya pakati pa antchito ndi mabwana, ndipo kukadandaula kumeneko ndi kwaulere. Koma nkhani ya kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo imayenera kufika kumeneko pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku limene anakuchotsani. Masiku akuthamanga, musadikire kuti mwina mtima wa abwana usintha.

Za mapepalazo, ndinena mosapsatira. Kukhala m'dziko muno mapepala atatha ndi kuphwanya lamulo, ndipo amene wapitirira masiku 30 amatha kuletsedwa kulowanso kwa zaka zisanu. Imeneyo ndi nkhani yoti muikonze, musaikhalire. Komabe siifafaniza thukuta lanu. Mu 2008 khoti la za ntchito linagamula kuti munthu amene chilolezo chake chatha adakali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo angathe kudandaula ku CCMA. Wantchito wa m'nyumba amene wagwira miyezi yoposa isanu ndi umodzi amayenera kupatsidwa notisi ya masabata anayi. Ndipo pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anafika pa R28.79 pa ola, antchito a m'nyumba ali momwemo. Tawerengetsani maola anu, mwina mupeza kuti ngongole ya abwanawo si ya mwezi umodzi wokha.

Sungani mauthenga onse a pa WhatsApp amene ankakutumizirani, ngakhale aja ongoti bwerani msanga mawa. Umboni wake ndi umenewo. Popita musapite nokha, tengani mnzanu wa kutchalitchi kapena wa kugulu lanu la maliro amene amamva Chingerezi bwino.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Mangochi amene anatsika basi pa Park Station mu Epulo. Akuti: "Amalume, kuzizira kwa kuno kwandithetsa nzeru. Ndimagona mu mkhukhu, kanyumba ka malata, ndi anzanga atatu. Usiku timalowetsa mbaula ndi kutseka chitseko kuti kutentha kusathawe, koma m'mawa mutu umandiwawa kwambiri. Kodi ndi malungo?"

Mphwanga, ndikukupempha, mbaula imeneyo usiku uno igone panja. Mutu umenewo ndi chenjezo. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo ngakhale mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako munthu amangopitirira kutulo osadzukanso. Kwanu kunyanja sunazolowere zimenezi, ndikudziwa. Mzinda uno uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake Juni ndi Julayi m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Otherani moto madzulo chitseko chili chotsekula, mukamagona muitulutse mbaulayo. Gulani mabulangete a kaunjika, yalani makatoni pansi pa matiresi, valani chipewa pogona. Wina akakomoka kapena akamalephera kudzuka, mutulutseni panja pa mphepo ndipo muimbe 112 pa foni yam'manja. Mutuwo ukapitirira mbaula itatuluka, pita kukiliniki, uwauzenso kuti wachokera ku Malawi posachedwa kuti akuyezenso malungo.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mlongo wathu wa ku Cosmo City. Akuti mateksi, minibasi za kuno, amangomudutsa, ndipo tsiku lina atakhala kutsogolo anthu anayamba kumupatsira ndalama, iye osadziwa chochita nazo.

Achemwali, kuno kulibe kondakitala woitanira monga pa minibasi za ku Limbe. Chala ndicho chimalankhula. Mukaloza kumwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, mukaloza pansi ndi ulendo wapafupi. Ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amasonkhanitsa ndalama ndi kubweza chenji. Mpaka mutazolowera ma rand, khalani kaye mpando wapakati.

Mayi a ku Rosettenville, mukapita ku CCMA mutilembere, tikufuna timve mmene mwayendera.