Thotholani chisoso musanalowe pakhomo

Mwauka bwanji abale ndi alongo. Lero tili pa Ahebri 12:15, paja akutichenjeza za muzu wowawa umene ukaphuka umavutitsa anthu ambiri. Vesili mukulidziwa. Tiyeni tikambe za chisoso.

Munthu wokhala ku Katete akafuna kuongola miyendo m'mawa safunikira kukwera phiri. Mapiri a Mphangwe muzingowaonera patali. Nyamukani cha m'ma 6 koloko dzuwa lisanakwere, musiye msewu wa Great East ndi malole ake, mulowe kanjira ka ngolo kopita kuminda. Makilomita 3 kupita ndi 3 kubwera ndi ola limodzi ndi theka kwa woyenda mosathamanga. Madzi lita imodzi akwana, ndi nshawa zokazinga pang'ono m'thumba. Nsapato zikhale zotseka, zimene phazi linazolowera kale, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza ndipo patapata amaterera akanyowa ndi mame. Podutsa pamudzi perekani moni kwa akuluakulu, musangodutsa ngati mbuzi yothawa. Mukaona kankhalango kowirira pakokha pakati pa minda, mitengo yake yosadulidwa, dziwani kuti ndi manda ndipo mulambalale. Kudambo yendani m'mbali, pakati pamatitimira ngakhale mvula inaleka kale.

Ulendo wotere agogo amautha, mwana wa sukulu amautha. Koma mwezi uno wa Meyi, pamene anthu akukumba nshawa ndipo chimanga chaima m'mikukwe, mukamabwerera yang'anani miyendo yanu. Mudzapeza masokosi ali bii. Thotholani musanalowe pakhomo.

Chitedze tonse timachiopa. Timachiona chikulendewera patali, timachenjezana, timazungulira. Minga ikabaya timaima pomwepo n'kuizula. Chisoso sichibaya, sichiyabwa, sichipempha. Njere zake ndi zakuda, zoonda ngati kasingano, ndipo kunsonga kuli timinga tiwiri, titatu kapena tinayi tokhala ndi timbedza toloza m'mbuyo. N'chifukwa chake zimalowa m'nsalu mosavuta koma kutuluka zimakana. Chimakonda m'mphepete mwa munda momwe khasu silinafike, ndi mbali zonse ziwiri za kanjira kopapatiza, pamene mwendo ukhudza udzu. Chimagwira masokosi, zingwe za nsapato, juzi ndi mpendero wa chitenje. Pa jombo chimangotsetsereka.

Abale, machimo aakulu aja ambiri a ife timawalambalala bwino, monga chitedze. Chotigwira ndi cha m'njira yosavuta, pa tsiku loti palibe chinachitika. Moni wosayankhidwa. Dzina lanu kusatchulidwa pothokoza anthu amene anagwira ntchito pamaliro, pamene nkhuni munatola ndinu, madzi munatunga ndinu. Kapena kamawu kaja kamene mnzanu anaponya pa msonkhano wa kumpingo, akuseka, anthu n'kusekera limodzi. Inunso munaseka. Munati palibe kanthu. Koma Lolemba kamawuko kanali nanu kumunda, Lachitatu kanali nanu kuchigayo, ndipo usiku wathawu mumakayankha muli pamphasa, mayankho abwino amene sanabwere tsiku lija. Chimenecho ndi chisoso, ndipo chadzaza kale mpendero.

Anthu amalakwitsa pochotsa. Wina amakuntha ndi dzanja ngati fumbi, koma kukuntha kumangokankhira timbedza m'kati mwa ulusi. Ndi mmene timachitira tikamati "zisiyeni, ndaiwala" mano tili kukukuta. Wina amaponya chovalacho m'beseni pamodzi ndi zochapa zina. Sopo sachotsa chisoso. Chimangosamuka kupita pa yunifomu ya mwana ndi pa bulangete, ndipo mawa chimamata munthu amene sanapite n'komwe kuulendoko. Kodi ana anu analakwa chiyani dzulo kuti muwakalipire chonchija chifukwa cha kapu imodzi? Kunena zoona kapuyo inalibe mlandu.

Cholakwa chachikulu n'chakuti munthu amakhala pakhonde, n'kuthothola bwinobwino, n'kumataya pansi pomwepo. Miyezi yonse ya chilimwe pabwalo pamaoneka poyera, iye n'kumati zinatha. Mvula yoyamba ya Novembala ikagwa, taonani chisoso chamera pakhomo, ndipo tsinde limodzi likakhwima limabala njere zosawerengeka. Mukafotokoza nkhani ija kwa amuna anu, kwa akazi anu, kwa aneba, aliyense ndi mchere wake, mwafesa. Inu mwina mudzakhululuka chaka chamawa, koma ana anu adzakula osalonjerana ndi ana a uje, osadziwa n'chifukwa chake.

Njira yake ndi iyi. Musanafike panyumba, pezani mwala kapena chitsa, mukhale pansi. Vulani nsapato ndi masokosi. Kokani njere imodziimodzi, kapena palani ndi msana wa mpeni kapena chipeso cha mano ang'onoang'ono, nsalu mutaikunga pabondo. Zimatenga mphindi 10, mwina 15, ndipo n'zotopetsa. Njerezo musataye m'njira kapena m'munda wa mwini. Zikulungeni m'tsamba, mukaponye pamoto. Pemphero lake ndi lomwelo: musangoti "Ambuye ndikhululukireni zonse" n'kudzuka. Tchulani chimodzichimodzi, dzina la munthuyo, mawu amene ananena, ndi mmene anakupwetekerani. Mulungu sadabwa nazo. Kenako zisiyeni pamoto wake, osati m'thumba kuti mudzazione bwino mawa.

Paja amayi akudziwa kuti chisoso chanthete ndi ndiwo. Masamba a kunsonga, chisanachite maluwa, ophika ndi tomato ndi nsinjiro, nsima imatha. Chikakhwima sichidyeka, chimangotsala chomata anthu. Dandaulo nalonso likadali lanthete mutha kupita nalo kwa m'bale wanu muli awiri, monga Mateyu 18:15 anenera, n'kumuuza kuti "mawu aja anandipweteka," ndipo ubale umalimba. Mukadikira miyezi itatu, simupitanso ndi ndiwo.

Tsono pali malo amene simungaone nokha: kumbuyo kwa chitenje, pamsana pa juzi, kuseri kwa miyendo. Pamenepo chimadzaza kwambiri, chifukwa udzu umene mwaukankha podutsa umabwerera n'kukukwapulani m'mbuyo. Mukayenda awiri, mnzanu akati "imani kaye, muli nacho kumbuyoku," musamuyankhe kuti "inunso muli nacho." Ali nachodi, ndipo mudzamuthothola inu akatha. Tembenukani, muime chilili, manja pansi, mpaka iye anene kuti chatha.