Za mchere uja mukufuna kuthira m'thanki la nsomba

Alamu, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva. Ndili m'basi ya ku Katete, ndiye mupirire phokosoli.

Zoyera zangati thonje zomwe mukuti zamera pamsana pa nsombazo zimachuluka mu Juni ndi Julayi, madzi akazizira, makamaka pa nsomba zomwe zinasupuka pozinyamula. Mchere umathandiza ndithu. Koma chonde musawaze ndi dzanja ngati mukukoleza ndiwo.

Wosalala wa patebulo uja usiyeni, amauthira ayodini ndi mankhwala oti usagwirane. Funani wamiyala, ndipo muwerenge papaketi, poti kuno ku Zambia mchere wodya anthu umayenera kukhala ndi ayodini. Kafunseni kwa ogulitsa zakudya za ziweto.

Thanki lanu ndi la malita 1000, eti? Lero muyeze kilo imodzi pasikelo, ndiye kuti galamu imodzi pa lita. Musungunule kaye m'ndowa, mutakase mpaka timiyala tonse tithe, kenako muzithira pang'onopang'ono. Mawa kilo ina, mkuja inanso, basi. Makilo 3 asapitirire. Ngati muli milamba mumalire pa theka, ilibe mamba ija.

Yomwe yadwala kwambiri muyipatule. Ndowa ya malita 20, mchere magalamu 400, muyiviike mphindi 5, zikachuluka 10. Muime pomwepo, foni m'thumba. Ikangoyamba kupendama, kuonetsa mimba, ivuuleni msanga muyibwezere m'madzi abwino.

Tsopano mverani apa, poti ine ndinalira napo. Mchere suuluka. Dzuwa limamwa madzi okha, iwo umatsala momwemo. Chaka china mu Okutobala thanki linkaphwa tsiku ndi tsiku, ine ndikaonjezera madzi ndinkaonjezeranso mchere. Mmawa wina ndinapeza tiana ta nsomba tayandama mbuu, madzi kulawa ngati msuzi wa kapenta. Ndiye madzi akaphwa okha, thirani madzi okha. Mukachita kukhetsa malita 200, bwezerani mchere wa malita 200 omwewo. Zikachira, muzingosintha madzi osathiranso, uzitha wokha.

Komanso mchere sutsuka madzi akuda, suchotsa kulorini wa madzi a pampopi. Thanki likanunkha, khetsani kaye, muchepetse chakudya.

O, madzi okhetsawo asalowe m'dimba la achemwali, repu ipserera ndipo mlandu ugwera ine. Tafika pa Mtenguleni, netiweki ivuta. Mawa munditumizire chithunzi cha nsombazo.