Makalata a omvera: wa Green, wa Mosi ndi wa zotsekemera zija

Takulandiraninso omvera athu a kuno ku Mchinji, ndi inu a tsidya lija la Mwami amene mawu athu amakupezani. Sabata yatha tinakufunsani kuti mukakhala pansi ndi anzanu Loweruka madzulo mumaitanitsa chiyani. Makalata abwera mulu, ena pa WhatsApp, ena pa pepala long'amba m'kope la mwana wasukulu. Inu osakwana zaka 18 pitani mukathandize amayi kutsuka mbale, ya leroyi si yanu.

Yoyamba yachokera ku Mkanda, kwa bambo wogula soya ndi mtedza. Akuti:

"Achimwene a pawailesi, tiweruzeni. Tilipo anayi, timakumana pa bala ina ya pamsika tikamaliza kuyeza matumba. Ine ndi wa Green, sindisintha. Mnzathu wina amapitapita ku Chipata, ndiye akabwera amatitengerako Mosi, n'kumatinena kuti ife timamwa mowa wa azungu, iye akumwa wa kwathu kuno. Kodi Green amachokeradi kunja? Ngati ndi zoona ndimugulira botolo."

Bambo, ndalama yanuyo isungeni kaye. Green ndi mowa wa Carlsberg, ndipo dzina la Carlsberg ndi la ku Denmark, pamenepo mnzanuyo sananame. Koma Green amene mumamwa ku Mkandayo amafululidwa ku Blantyre, ndipo zakhala choncho kuyambira 1968. Fakitale imeneyo ndi imene inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Mu 2016 kampani ya Castel ya ku France inagula gawo lalikulu, n'chifukwa chake dzina la Castel mukuliona paliponse masiku ano. Tsono mukamufunsenso mnzanuyo kuti eni ake a Mosi ndani. Dzina lokha ndiye la kuno, lichokera ku Mosi-oa-Tunya, mathithi aja a pa Zambezi, koma Zambian Breweries, imene imafulula Mosi, ili m'manja mwa kampani ya AB InBev, imene likulu lake lili ku Belgium. Mlandu wagona pakati, aliyense adzigulire yekha.

Ndiwonjezepo langa. Mosi amene wayenda m'chikwama kuchokera ku Chipata, dzuwa la Okotobala likumuwotcha pa kabaza, musamuyerekeze ndi Green wotuluka mu fuliji. Muikeni azizire usiku umodzi, ndiye mukangane bwino.

Yachiwiri ndiyo yandisangalatsa. Yachokera kwa mayi wina wa pa Kamwendo, akuti dzina tisatchule chifukwa apongozi awo amamvera pulogalamu ino. Apongozi, moni.

"Ine mowa wowawa sindiutha. Pa mwezi kamodzi ndi anzanga a banki mkhonde timagula Savanna kapena Hunter's, timawotcha nkhuku, timacheza. Vuto ndi azibambo. Amati zimenezi ndi zakumwa za azimayi, madzi a shuga. Pa chinkhoswe cha mng'ono wanga alamu anga anatenga Savanna wanga kuti alawe, n'kunena kuti ndi Sobo. Anamwa anayi motsatizana akutiseka. Nthawi yopereka nkhuku itakwana tinawafuna osawapeza. Anali atagona kuseri kwa nkhokwe, nsapato imodzi ili poteropo. Kodi Savanna ndi mowa kapena si mowa?"

Mayi, alamu anu anayankha kale funsoli kuseri kwa nkhokweko. Komabe tifotokoze. Green, Kuche Kuche ndi Mosi amapangidwa ndi chimera cha balere, ndipo kuwawa kuja kumachokera ku timaluwa totchedwa hops. Savanna ndi Hunter's ndi za ku South Africa, zimapangidwa ndi madzi a maapozi owiritsidwa mpaka shuga wake atasanduka mowa. Mulibe hops, n'chifukwa chake lilime silikana. Koma lilime si limene limaledzera. Tembenuzani botolo la Savanna Dry muwerenge, palembedwa 6%. Kenako tengani la Kuche Kuche muone nambala yake, ndi yotsika kwambiri. Dzina lakelo likunena kale: ndi mowa woti anthu acheze nawo mpaka kuche. Ndiye amene akumwa "madzi a shuga" uja ndi amene wanyamula katundu wolemera patebulopo.

Ngozi ya zotsekemerazi ndi liwiro. Wowawa umakukakamiza kupuma, umaika botolo pansi, umaluma kanyenya, umayankha nkhani. Wotsekemera umangotsika ngati thobwa, ndipo munthu amazindikira ataimirira, miyendo itakana. Nanga matsire ake a m'mawa! Inu mayi mukuchita bwino kudyera nkhuku. Za kuti ndi chakumwa cha azimayi, ine ndaona azibambo a ndevu zawo akulowetsa kachidutswa ka ndimu pakamwa pa botolo la Savanna, maso ali uku ndi uku kuti anzawo asawaone. Imwani poyera, bambo, palibe amene akulandeni umuna.

Wina wa pa boma watumiza mzere umodzi wokha: "Special Brew basi." Tamva, achimwene. Njinga yamotoyo muzisiya kunyumba.

Yomaliza yalembedwa ndi mdzukulu, koma mawu ndi a agogo ake a ku Kapiri.

"Mwana wanga, nonsenu mukukamba za m'mabotolo. Aliyense botolo lake, aliyense bilu yake, kumeneko ndi kugawana? Ife masese timamwera chipanda chimodzi, chimazungulira, wofulula amayamba walawa yekha pamaso pa onse. Ndikapita pa thaveni ndimagula Chibuku chifukwa ndi chokhacho chimene chimafanako. Koma bwanji paketi yomweyo lero ikoma, mkuja yawawasa?"

Agogo, ndagwada. Pa chipanda sinditsutsa, ndipo mwambo wolawa uja unali ndi nzeru zake: wofulula akamwa poyamba, mlendo amamwa mtima uli m'malo. Za paketizo, lilime lanu silikunama. Chibuku cha m'paketi chimachoka ku fakitale chisanamalize kuwira. Chimapangidwa ndi chimanga ndi mapira, ndipo yisiti wake amakhala akadali wamoyo, akugwirabe ntchito m'paketimo. N'chifukwa chake pamwamba pamakhala kabowo kotulutsira mpweya. Tsiku loyamba chimatsekemera ndipo n'chofooka, masiku akamapita shuga amatha, mphamvu imakwera, kuwawasa kumabwera. Kugwedeza kuja, kumene kunachipatsa dzina loti Shake Shake, n'kofuna kuti masese okhala pansi asakanikirane. Chibuku Super cha m'botolo la pulasitiki anachiphera yisiti ndi kutentha, ndiye chimakhalitsa ndipo sichisinthasintha, ngakhale akuluakulu ambiri amati chilibe moyo.

Pansi pa kalatayi mdzukulu wawonjeza kuti agogo akufulula a pa chiliza mwezi wamawa, ndipo akuti ndikalawe. Agogo, ndibwera, koma pa basi, ndipo mundikonzeretu mphasa. Bambo a ku Mkanda, mumutenge mnzanu wa Mosi uja tikakumane komweko.