Zoyenera Kuchita Wosewera Mpira Akanyozedwa Chifukwa cha Khungu Lake

Omvera athu, makamaka inu osewera mpira, oyimbira masewero, aphunzitsi a matimu ndi akuluakulu oyendetsa makalabu, lero tikambirane za mlandu wonyoza munthu chifukwa cha khungu lake kapena mtundu wake, ndi momwe mlandu wotere uyenera kuyendetsedwera kuti wolakwa alandiredi chilango. Malamulo alipo ndipo ndi okhwima. Bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA linalamula m'chaka cha 2013 kuti wosewera kapena mkulu wa timu wopezeka wolakwa pa mlanduwu aziletsedwa masewero osachepera 10, ndipo bungwe loyendetsa mpira padziko lonse la FIFA linaika chiwerengero chomwecho m'malamulo ake a m'chaka cha 2019. Komabe komiti yoweruza milandu ya mpira imagamula potengera umboni, ndipo umboniwo umapezeka kapena kutayika m'mphindi zochepa zotsatira mawu achipongwewo. Malangizo athu ambiri agona pa mphindi zimenezi.

Tiyambe ndi inu wosewera amene mwanyozedwa. Pitani kwa woyimbira nthawi yomweyo, musadikire kuti masewero athe, ndipo mumuuze mawu enieniwo monga momwe anatulukira m'kamwa mwa wonyozayo, ngakhale akhale onyansa motani, chifukwa kungonena kuti mwatukwanidwa sikuthandiza komiti kusiyanitsa kutukwanizana wamba ndi tsankho. Tchulani amene wanena mawuwo, mphindi imene wawanenera, ndi osewera amene anali pafupi nanu. Ngati phokoso lachuluka kapena woyimbira ali patali, pingasani manja anu kuti apange chilembo cha X. Chizindikiro chimenechi chinavomerezedwa pa msonkhano waukulu wa FIFA ku Bangkok mu Meyi 2024, ndipo chimauza woyimbira kuti pachitika za tsankho. Uzaninso kaputeni wanu, ndipo masewero akatha mupite kwa woyimbira pamodzi ndi mphunzitsi wa timu kukatsimikiza kuti dandaulo lanu lalembedwa mu lipoti. Umu ndi momwe anachitira Patrice Evra wa Manchester United pa bwalo la Anfield mu Okutobala 2011, ndipo mapeto ake bungwe la FA la ku England linaletsa Luis Suárez wa Liverpool masewero 8 ndi kumulipiritsa chindapusa cha mapaundi 40,000.

Inu anzake a wonyozedwa amene munamva mawuwo, musakhale chete poganiza kuti makamera ajambula zonse. Osewera ambiri masiku ano amaphimba pakamwa ndi dzanja akamalankhula, choncho kanema saonetsa milomo yawo. Mu Malichi 2021, pa bwalo la Ibrox ku Glasgow, Ondřej Kúdela wa Slavia Prague anaphimba pakamwa n'kulankhula kukhutu kwa Glen Kamara wa Rangers. Mnzake wa Kamara, Bongani Zungu, anali pafupi ndipo anati anamva mawuwo, ndipo UEFA inaletsa Kúdela masewero 10. Yerekezani zimenezi ndi zomwe zinachitika ku Italy mu Malichi 2024, pamene Juan Jesus wa Napoli anadandaula kwa woyimbira kuti Francesco Acerbi wa Inter wamunyoza, koma woweruza milandu ya ligi anamasula Acerbi ponena kuti panalibe umboni wokwanira. Mawu a munthu mmodzi otsutsana ndi a mnzake nthawi zambiri sakwanira, ndipo mboni imodzi yolimba mtima ikhoza kusintha chigamulo chonse.

Mlandu wa ku Ibrox uja uli ndi chenjezo lina lowawa. Kamara nayenso analetsedwa masewero 3 chifukwa cha kumenya Kúdela masewero atatha. Palibe amene angadabwe ndi mkwiyo wa munthu wonyozedwa chotero, koma komiti imaweruza kumenya ngati mlandu wapadera, ndipo siufafaniza chifukwa chakuti womenyayo anayambidwa. Choncho inu akaputeni ndi aphunzitsi, ntchito yanu pa nthawi imeneyo ndi kumuchotsa mnzanuyo pafupi ndi womunyozayo, kukhala naye mpaka m'chipinda chosinthira zovala, ndi kumuthandiza kulemba zonse zimene akukumbukira mtima usanapole ndi kuyamba kusokoneza mawu.

Tibwere kwa inu oyimbira. Pamene chipongwe chikuchokera kwa ochemerera, muli ndi njira zitatu zotsatizana zimene UEFA inavomereza m'chaka cha 2009 ndipo FIFA inazigwiritsa ntchito pa mpikisano wa Confederations Cup ku Russia mu 2017. Poyamba imitsani masewero ndipo mulamule kuti chenjezo liperekedwe pa zokuzira mawu. Chipongwecho chikapitirira, tulutsani matimu onse awiri apite ku zipinda zosinthira zovala kwa kanthawi, chenjezo libwerezedwe. Chikapitirirabe, thetsani masewerowo, ndipo malamulo a FIFA amalola kuti timu ya ochemerera olakwawo iwerengedwe kuti yagonja. Ku Sofia, mu Okutobala 2019, masewero a Bulgaria ndi England anaimitsidwa kawiri m'chigawo choyamba, ndipo pambuyo pake UEFA inalipiritsa bungwe la mpira la Bulgaria mayuro 75,000 ndi kulilamula kusewera popanda oonerera. Kunena zoona, njira yachitatu ija oyimbira ambiri amaiopa, chifukwa kuthetsa masewero amene makampani a kanema alipira ndalama zambiri si chinthu chapafupi, ndipo mantha amenewa ndi amene amachititsa osewera kutuluka okha m'bwalo.

Chimene simuyenera kuchita konse ndi kulanga wodandaula. Mu Epulo 2017, Sulley Muntari wa ku Ghana, amene ankasewerera Pescara, anadandaula kwa woyimbira za mawu a ochemerera a Cagliari, koma anapatsidwa khadi yachikasu, ndipo atatuluka m'bwalo mokwiya analetsedwanso masewero amodzi. Chilangocho chinachotsedwa pambuyo pake, koma manyazi anali atagwira kale ligi yonse. Wosewera akabwera kwa inu ndi dandaulo lotere, imani, mumvetsereni, lembani, ndipo mudziwitse mkulu woyang'anira masewerowo.

Inu akuluakulu a makalabu, dziwani kuti malamulo a UEFA ndi FIFA amaika mlandu wa ochemerera pamutu pa kalabu, ngakhale kalabuyo itanena kuti sinawatume. Sungani kanema yense wa m'bwalo, pezani manambala a mipando ndi mayina a ogula matikiti, ndipo perekani zimenezi ku komiti yoweruza komanso kupolisi. Vinícius Júnior wa Real Madrid atanyozedwa pa bwalo la Mestalla ku Valencia mu Meyi 2023, kalabu ya Valencia inalangidwa potseka mbali imodzi ya bwalo lake, ndipo mu Juni 2024 khoti la ku Valencia linagamula kuti anthu atatu amene anazindikiridwa akhale m'ndende miyezi 8 ndi kuletsedwa kulowa m'mabwalo a mpira kwa zaka 2. Zimenezi zinatheka chifukwa olakwawo anadziwika nkhope ndi mayina.

Pano pali mfundo imene imasokoneza anthu ambiri, ndipo muimvetsetse bwino. Khoti la boma ndi komiti ya mpira ndi mabwalo awiri osiyana, ndipo kumasulidwa ku bwalo lina sikutseka mlandu ku bwalo linalo. John Terry wa Chelsea anamasulidwa ndi khoti la ku Westminster mu Julayi 2012 pa mlandu wonyoza Anton Ferdinand wa Queens Park Rangers, chifukwa khoti limafuna umboni wosasiya chikayiko. Koma mu Sepitembala chaka chomwecho bungwe la FA, limene limangofuna kuona mbali imene umboni walemera kwambiri, linamupeza wolakwa, linamuletsa masewero 4 ndi kumulipiritsa mapaundi 220,000. Choncho musachotse dandaulo lanu ku bungwe la mpira chifukwa chakuti apolisi aleka kufufuza kapena khoti lamasula woimbidwa mlandu.

Muwaphunzitsenso osewera anu kuti mlanduwu sutsekeredwa m'bwalo mokha. Edinson Cavani analetsedwa masewero 3 ndi kulipira mapaundi 100,000 mu Disembala 2020 chifukwa cha mawu amene analemba pa Instagram pothokoza mnzake, ngakhale komiti inavomereza kuti analibe cholinga chonyoza munthu. Rodrigo Bentancur wa Tottenham analetsedwa masewero 7 mu Novembala 2024 chifukwa cha zimene ananena pa kanema wa ku Uruguay zokhudza anthu a mtundu wa kaputeni wake, Son Heung-min wa ku South Korea. Kunena kuti zinali nthabwala, kapena kuti kwanu mawuwo ndi achikondi, kungachepetse chilango koma sikuchotsa mlandu.

Amene waimbidwa mlandu nayenso ali ndi ufulu wake, ndipo uyenera kulemekezedwa kuti chigamulo chisadzagwe pa apilo. Apatsidwe mlandu wolembedwa, aone umboni wonse, abweretse mboni zake ndi womuimira, ndipo ngati chilankhulo chili nkhani, komiti iitane akatswiri a chilankhulocho monga inachitira pa mlandu wa Suárez. Chigamulo chikaperekedwa, pemphani zifukwa zake zolembedwa ndipo muone msanga masiku amene malamulo a mpikisanowo akupereka ochitira apilo, chifukwa ndi ochepa. Pa milandu ya UEFA ndi FIFA apilo yomaliza imapita ku khoti loona za masewero la CAS ku Lausanne, m'dziko la Switzerland. Musachite apilo mongoyesa mwayi, pakuti Tottenham inadandaula kuti masewero 7 a Bentancur achuluka, koma komiti ya apilo inakana dandaulolo mu Disembala 2024 ndipo chilangocho chinakhalabe chomwecho.